Kodi chimapha anthu m'sitima za pansi pa madzi n'chiyani, nyukiliya kapena madzi omwewo?

Wamagadeni_Masi analemba:

Akuluakulu, funso ili lakhala likundizunguza mutu kuyambira 2023, ndiye lero ndati ndilitule pano poti pali ophunzira.

Ine kwathu ndi ku Senga Bay, koma ndili ku Cape Town. Ndimagona ku Masiphumelele, maganyu ndimagwira m'magadeni a ku Kommetjie. Pa 20 Sepitembala 2023 ndinali pamakwerero, ndikumeta mpanda pa nyumba ina yoyang'ana kunyanja, cha kufupi ndi nsanja ya nyali ya Slangkop. Tsikulo nyanja inali italusa. Ndakulira pa bwato ine, bambo anga ankakoka chilimira, mwera ndimaudziwa, koma mafunde a kuno ndi mtundu wina. Masana ndinangomva helikopita ikuzungulirazungulira, kenako maambulansi akutsikira kugombe. Madzulo m'takisi ndi momwe ndinamva kuti funde lakokolola asilikali 7 omwe anali pamsana pa SAS Manthatisi, sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, ndipo atatu amwalira. Mmodzi anali mayi, Gillian Hector, yemwe anali wachiwiri kwa kaputeni. Sitimayo sinamire ayi. Inali yoyandama, akuyeserera kulandira katundu kuchokera mu helikopita.

M'mawa mwake mdala wa panyumbapo anandipeza ndikuthirira, akuti tithokoze kuti sitima za dziko lino n'za dizilo, zikanakhala za nyukiliya ngati za ku Russia bwenzi tonse tikulongedza katundu. Ndinangoti inde bwana, paipi ili m'manja. Koma mumtima sindinakhutire. Anthu atatu aja anafa ndi madzi, nyukiliya inalibepo. Ndiye ndifunse: sitima zimene timamva kuti zinamira ndi anthu oposa 100, chinawapha n'chiyani kwenikweni? Nanga munthu amapuma bwanji m'chitini chotseka miyezi yathunthu? Chomaliza, mayi a kunyumba amakonda nsomba ya snoek, Loweruka lililonse amakagula. Ngati pansi pa nyanja pagona sitima za nyukiliya zikuchita dzimbiri, sitikudya poizoni?

Mphunzitsi_Wopuma_Zomba anayankha:

Mwana wa kunyanja, mwandikumbutsa Ogasiti wa 2000. Ndinkaphunzitsa Physical Science pa sekondale ina ya kumudzi kopanda magetsi, ndipo usiku uliwonse ndinkakhala pakhonde ndi kawailesi, kutsatira nkhani ya Kursk. Mabatire ndinagula kawiri sabata imeneyo, mayi mpaka kudandaula.

Mdala wanu wanena theka chabe. Ambiri amene afera m'sitimazi anaphedwa ndi moto, utsi, madzi ndi kutha kwa mpweya. Kursk ndiye chitsanzo chake.

Inali sitima ya nyukiliya ya dziko la Russia, yotalika mamita 154. Pa 12 Ogasiti 2000 inali pa masewero ankhondo m'nyanja ya Barents, ikukonzekera kuponya topido (mzinga wa m'madzi) yongoyeserera, yopanda bomba kumutu. Topido imayenda yokha m'madzi, choncho imafunika mafuta ndi okosijeni wake, ndipo imeneyi inkagwiritsa ntchito hydrogen peroxide. Inde, yomwe ija amatsukira mabala komanso ya m'masaluni. Kusiyana kwake, ya ku famase ndi yosungunula kwambiri ndi madzi, pomwe ya m'topido imapitirira 80 peresenti. Ikangodonthera pa dzimbiri kapena pa mkuwa imasanduka nthunzi ndi okosijeni nthawi yomweyo, n'kufufuma mowirikiza kambirimbiri. Kafukufuku wa boma la Russia lenilenilo, womwe unatha mu 2002, anapeza kuti mankhwalawo anadontha, topido n'kuphulika. Patadutsa mphindi ziwiri ndi masekondi 15, moto unafika pa matopido enieni. Kuphulika kwachiwiriko kunalembedwa ndi makina oyezera zivomerezi ku Norway.

Tsono tamverani izi. Sitimayo inakagona pa mamita 108 okha. Mukanaiimika chilili, mchira wake ukanatulukira kunja kwa madzi. Nyanja yathu ija cha kumpoto imafika pafupifupi mamita 700, ndiye mutha kuona kuti Kursk inali pafupi. Ma reactor ake awiri, ng'anjo za nyukiliya zomwe zimaipatsa mphamvu, anazima okha monga anapangidwira. Kumbuyo kwa sitima anthu 23 anapulumuka kuphulikako, n'kusonkhana m'chipinda cha nambala 9, chakumchira, komwe kuli chitseko chothawira. Tikudziwa zimenezi chifukwa m'thumba la msilikali wina, Dmitri Kolesnikov, munapezeka kapepala. Analemba mayina a anzakewo ndi mawu kwa mkazi wake. Kumapeto zilembo zikupita chokhota, iye akufotokoza kuti muli mdima, akulemba mongopapasa.

Chinawamaliza n'chiyani? M'sitima amasunga timapaketi ta mankhwala oyamwa mpweya woipa n'kutulutsa okosijeni. Ofufuza amakhulupirira kuti kamodzi kanagwera m'madzi amafuta omwe ankadzaza chipindacho, n'kubuka moto womwe unatentha okosijeni yense wotsala. Chinthu chowapatsa moyo ndi chomwe chinawapha. Ndinawafotokozera ana a Fomu 4 chaka chotsatira zitadziwika, kalasi yonse inangoti zii.

Chomwe chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi za kumtunda. Akuluakulu a asilikali analengeza patatha masiku awiri, n'kunamanso kuti akulankhulana ndi a m'sitimamo. Ena ankaloza chala sitima za mayiko ena kuti zinaigunda. Britain ndi Norway anadzipereka kuthandiza, Russia inavomera pa 16 Ogasiti. Putin anali patchuthi ku Sochi. Pa msonkhano wa achibale ku Vidyayevo mayi wina akukalipira nduna anabayidwa jakisoni womugonetsa, makamera akujambula. Akatswiri osambira a ku Norway atatsegula chitseko pa 21 Ogasiti anapeza madzi okhaokha. Onse 118 anapita. Mwina ngakhale chithandizo chikanafulumira sakanapezeka amoyo, poti lipoti la boma limati anakhala maola ochepa chabe. Koma pa nthawiyo panalibe ankadziwa zimenezo, ndipo ambiri amati anazengereza dala kuopa kuti alendo aona zinsinsi.

Ndipo ngozi ya mtunduwu inali itachitikapo. Mu 1955 topido ya peroxide inaphulika mu HMS Sidon ya Britain pa doko la Portland, anthu 13 n'kufa, ndipo Angerezi anasiya mafutawo. Zaka 45 pambuyo pake anzawo a ku Russia anali akadali nawo.

Za kupuma n'zosavuta. Sitima ya nyukiliya ili ndi magetsi osatha, ndiye imagawa madzi a m'nyanja kukhala okosijeni ndi haidrojeni, zomwe zija tinkachita mu labu ndi batire ndi mawaya awiri. Chimaibweza kudoko ndi chakudya. Ya dizilo imayendera mabatire ikakhala pansi, ndipo imayenera kukwera pafupipafupi, kutulutsa paipi kunja kuti injini zipume, mabatire atchajidwe. Musaganize kuti za dizilo n'zabwinoko. ARA San Juan ya Argentina inali ya dizilo. Mu Novembala 2017 madzi analowera m'njira ya mpweya ija n'kufika pa mabatire, anthu 44 anatha, ndipo inapezeka patatha chaka, pa mamita opitirira pang'ono 900. KRI Nanggala ya Indonesia inamira ndi anthu 53 mu Epulo 2021 kufupi ndi Bali. Imeneyo ndi ya banja limodzi ndi Manthatisi wanuyo, zonse Type 209 zopangidwa ku Germany. Mukamuuze mdalayo mwaulemu, ganyu ingathe.

Welda_wa_Ndirande anayankha:

Aphunzitsi mwaphula ngozi. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma nkhani ya USS Thresher ndinaimva kwa amene anandiphunzitsa kuwotcherera, ndipo ndimaibwereza kwa anyamata anga aliyense akayamba ntchito.

Inali ya nyukiliya, ya Amereka, yatsopano ndithu. Itangochoka kokonzedwa, pa 10 Epulo 1963 inapita kukayesa kumira mwakuya, kum'mawa kwa Cape Cod. Sinabwerenso. Anthu 129, ena mwa iwo si asilikali koma amisiri a kudoko amene anakwera kukaona ntchito yawo. Amisiri ngati ife tomwe.

Bwalo lofufuza linaganiza kuti mwina jointi ya paipi ya madzi a m'nyanja inatseguka. Majointi ambiri a mmenemo sanali owotcherera kwenikweni, anali omata ndi siliva, zomwe timachita pa mapaipi a mafiriji. Kunja jointi yotere imaoneka yokongola, mkati mwina siliva sanayende mbali yonse, ndipo ndi maso sungadziwe. Pano pa shedi jointi yotere ikadontha kasitomala amangobwera kudzatukwana, timakonza. Pansi pa nyanja ndi zina. Achimwene a ku Masi, mamita 10 aliwonse madzi amawonjezera kilogalamu imodzi pa kamalo kakang'ono ngati chikhadabo chanu. Pa mamita 500 ndiye kuti thumba la chimanga la 50 kg lakhala pa chikhadabo chilichonse cha sitimayo. Madzi olowa pa kabowo amabwera ngati mpeni, n'kumwazikira pa magetsi.

Magetsi atasokonezeka reactor inazima yokha, kudziteteza. Yadziteteza, koma sitima yatsala yopanda mphamvu yokwerera. Chotsala chinali kupopera mpweya m'matanki kuti madzi atuluke, iyandame. Apa ndi pamene pamandipweteka. Amene munatsegulapo vavu ya kompresa mwamphamvu mukudziwa kuti imazizira mpaka kuyera. Mpweya wawo unali ndi chinyontho, unaundana pa tisefa ta m'mapaipi, njira n'kutsekeka ndi ayezi. Anadzayesa pa sitima inzake ili padoko, zinachitikanso chimodzimodzi. Thresher inatsetsereka chammbuyo mpaka chitsulo chinaphwanyika, zidutswa zili pa mamita pafupifupi 2,600.

Zitatero Amereka anakhazikitsa ndondomeko yotchedwa SUBSAFE: jointi iliyonse yokhudza madzi a m'nyanja iyezedwe, ilembedwe, adziwike anaigwira ndani. Chiyambireni, sitima yomwe inadutsa m'ndondomekoyi sinamirepo. USS Scorpion inatayika mu 1968 ndi anthu 99, koma inali isanamalize kudutsamo. Ine anyamata anga ndimawalembetsa dzina ndi choko pa geti iliyonse yomwe awotcherera. Amaseka, koma amalemba.

NaPhiri_Glasgow anayankha:

Aphunzitsi ndi a Welda, zonse mwanenazi n'zoona, koma mundikhululukire, nyukiliya mwaipeputsa. Ine ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku Scotland. Makilomita 40 okha kuchokera pomwe ndikulembera pano pali Faslane, pomwe Britain imasunga sitima zake zinayi zonyamula mizinga ya nyukiliya ya Trident. Tsiku lina tikupita kokayenda ndi a kumpingo tinaiona imodzi ikutuluka, yakuda bii, yopanda phokoso, timaboti ta apolisi tili mbali zonse. M'basi monse munangoti chete.

Kuwerenga mitembo ya tsiku la ngozi lokha n'kumene kukupangitsa nyukiliya kuoneka yofatsa. Cheza chake sichipha choncho. Taonani K-19 ya Soviet Union. Pa 4 Julayi 1961 paipi yoziziritsa reactor inaphulika ali pakati pa nyanja, ndipo sitimayo inamangidwa mothamanga, yopanda njira ina yoziziritsira. Anyamata analowa m'chipinda cha reactor mosinthana, kulumikiza paipi yongopeka kuti madzi afike. Anakwanitsa. Koma anatuluka akusanza, nkhope zitatupa, ndipo 8 anamwalira pasanathe mwezi, ena m'zaka zotsatira. Monga namwino ndikuuzeni, imfa imeneyo ndi yoipa: mafupa amasiya kupanga magazi, matumbo amasupuka mkati, munthu ali maso. Otsalawo analamulidwa kusunga chinsinsi zaka pafupifupi 30. Anzawo anaipatsa sitimayo dzina loti Hiroshima.

Pa 10 Ogasiti 1985, ku Chazhma Bay kufupi ndi Vladivostok, akusintha mafuta a nyukiliya mu K-431 ili padoko, chivundikiro cha reactor chinakwezedwa mopitirira, pamodzi ndi ndodo zoletsa moto wake. Inaphulika, anthu 10 anafera pomwepo, fumbi la poizoni linagwera pagombe ndi m'nkhalango. Ngozi ya nyukiliya ya ku Chernobyl inali isanachitike, inadza miyezi 8 pambuyo pake, koma za Chazhma dziko linadzamva patapita zaka. Mu 1986, K-219 ikuyaka kufupi ndi Bermuda, mnyamata wa zaka 20, Sergei Preminin, analowa kukazimitsa reactor ndi manja. Anazimitsa, chitseko chinakana kutseguka, anafera momwemo.

Za nsomba tsopano, achimwene. Sitima za nyukiliya zomwe zinamirapo ndi 9, ziwiri za Amereka, zotsalazo za Soviet ndi Russia. Kursk inavuulidwa mu Okutobala 2001 ndi makampani a ku Netherlands, Mammoet ndi Smit, atadula mutu wake. Zambiri zikadali pansi. Komsomolets inapsa n'kumira pa 7 Epulo 1989 m'nyanja ya Norway, anthu 42 anafa, ambiri ndi kuzizira kwa madzi akudikira owapulumutsa. Ili pa mamita pafupifupi 1,700 ndi reactor yake ndi matopido awiri a nyukiliya. Mu 2019 asayansi a ku Norway anatsitsa makina, ndipo madzi ena omwe anatunga pa paipi ina ya sitimayo anali ndi caesium, poizoni wa cheza wochokera mu reactor, wochuluka kuwirikiza 800,000 poyerekeza ndi madzi wamba a m'nyanjayo. Iwo eni ananena kuti amasungunuka msanga, mamita ochepa kuchoka pamenepo sakuonekanso, ndipo nsomba za kumeneko n'zosaopsa. Ndiye snoek idyani, zonsezi zili kumpoto kwa dziko lapansi, kutali ndi Cape Town. Chondidetsa nkhawa ine ndi ziwiri zomwe zili posaya: K-159, yomwe inamira mu 2003 akuikoka kupita kokaphwasula, anthu 9 n'kufa, ndi K-27 yomwe anaimiza dala m'nyanja ya Kara pa mamita ongopitirira 30. Zokambirana zozivuula zakhalapo zaka zambiri, zikadali pomwepo.

Ngakhale zosamira zimavuta. Kuno ku Rosyth kuli sitima zakale za nyukiliya zomwe zakhala zikudikira kuphwasulidwa, ina, HMS Dreadnought, inasiya ntchito mu 1980. Yakhala pa doko nthawi yaitali kuposa yomwe inagwira ntchito.

Mphunzitsi_Wopuma_Zomba anayankha:

Mayi NaPhiri, ndavomera, mwandigwira pabwino. Za K-19 ndinazidumpha, ndipo sindikanayenera. Komabe onani kuti ngakhale pamenepo chinayamba ndi paipi, ndiye a Welda akhoza kunyada. Ndingowonjezera kuti wachiwiri kwa kaputeni pa ulendo umenewo anali Vasili Arkhipov, yemwe chaka chotsatira, pa mkangano wa ku Cuba mu 1962, ali mu sitima ina ya B-59, anakana kuvomereza kuti aponye topido ya nyukiliya pa zombo za Amereka. Ndimadzifunsa ngati sizinali nkhope za anyamata aja zomwe zinamubwerera.

Kayelekera_Boy anayankha:

Funso la mbuli, musandiseke. Uranium wa kwathu ku Karonga uja ndi yemweyo amayendetsa zimenezi?

Mphunzitsi_Wopuma_Zomba anayankha:

Mwala wake ndi womwewo, mwanawe, koma wochoka ku mgodi sungayendetse kanthu. Umatuluka ngati ufa wotchedwa yellowcake, ndipo mbali yomwe imayaka, U-235, imangokhala 0.7 peresenti. Malo opangira magetsi ngati Koeberg, kumpoto kwa Cape Town komwe kuli mnzathuyu, amafuna wosefedwa kufika 3 mpaka 5 peresenti. Sitima za Amereka ndi Britain zimagwiritsa ntchito wopitirira 90 peresenti, wofanana ndi wa mabomba, n'chifukwa chake zimatha zaka makumi osathiramo wina. Kusefako ndi ntchito ya mayiko ochepa kwambiri.

Wamagadeni_Masi anayankha:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri, kachiwiri mokweza kuti mayi a kunyumba amve. Iwo agwirapo mfundo imodzi yokha, yoti snoek ipitirire.

Ine chandikhala pamtima ndi kapepala ka Kolesnikov. Bambo anga bwato litagubuduzika ndi mwera cha ku Mbenji anagwira chigubu usiku wonse mpaka asodzi anzawo anawapeza m'mawa. Ankati chomwe chinawalimbitsa n'choti ankaona nyali za kumtunda. Ndiye ndikuganiza anthu 23, mamita 108 okha, zombo za kwawo zili pamwamba pawo penipeni, iwo osaona kanthu.

A Welda, dzulo ndinayang'ana jointi ya paipi ya pampu ya dziwe losambira la bwana, yomwe ndinamata ndekha mwezi watha. Ikudontha. Mdala ndinamuuzako za Nanggala, anangoti ndaziwerenga kuti, n'kulowa m'nyumba. Sanandichotse ntchito.

Ku Simon's Town anaika pamtunda sitima yakale ya dizilo, SAS Assegaai, kuti anthu azilowa kukaona. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ndikwera takisi ndikalowemo, ndione ngati ndingakwane pa zitseko zake ndi mimba yangayi. Mayi akana, akuti adikira panja ndi chipisi.